Tiyi wotsuka m'thupi amachotsadi poizoni, kapena tiyambire pena?

Kadzioche_22:
Abale, ndithandizeni nzeru. Masiku ano kulikonse kuli otsatsa tiyi, timaufa ndi timapepala tomata kuphazi, ati zimakoka poizoni amene amaunjikana m'thupi chifukwa cha zomwe timadya, kumwa ndi kupuma. Kodi zimenezi zimagwiradi ntchito? Ngati sizigwira, munthu wofuna kulipeputsira katundu thupi lake ayambire pati? Chonde zogwirika, osati zongoti "muzidya bwino".

NamwinoWaUsiku:
A Kadzioche, ndalamazo sungani. Zotsuka m'thupi munabadwa nazo kale, chiwindi ndi impso. Impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, ochulukawo n'kuwabwezera m'thupi. Lita imodzi ndi theka kapena awiri okha ndiwo amatuluka ngati mkodzo atanyamula zonyansa. Chiwindi chimagwira mowa, mankhwala ndi zina zotero n'kuziphwanya kuti zithe kutuluka kudzera mu mkodzo kapena mu ndulu. Ntchito imeneyi sidikira tiyi.

Tiyi wambiri wa mtunduwu amakhala ndi senna, tsamba lotsegula m'mimba. Munthu akathamangira kuchimbudzi kanayi amayesa poizoni akutuluka, pamene akutaya madzi ndi potaziyamu. Potaziyamu akachepa kwambiri miyendo imalefuka, mtima umayamba kugunda mosalongosoka. Kwa amene akumwa mankhwala a BP okodzetsa aja ngozi imawirikiza, chifukwa ambiri mwa iwo nawonso amachotsa potaziyamu.

Chimphepo:
Nanga timapepala ta kuphazi tija timadzuka titada bii chifukwa chiyani?

NamwinoWaUsiku:
Tadonthezeranipo madzi oyera osatimata n'komwe kuphazi. Tida chimodzimodzi. Ufa uli mkatimo ndi umene umasintha mtundu ukanyowa.

Tsabola:
Koma thukuta ndiye limachotsa, pamenepo musatsutse.

MphunzitsiWaSayansi:
A Tsabola, thukuta ndi madzi pafupifupi 99 peresenti, chotsalacho ndi mchere ndi tina tochepa. Ntchito yake ndi kuziziritsa thupi. Masewero olimbitsa thupi ndi abwino pa zifukwa zina: amatsitsa BP, amathandiza shuga kulowa m'minofu, amakonza tulo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu azichita mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala. Koma kudzikulunga m'pulasitiki padzuwa kuti muchite thukuta n'kupanikiza impso zomwe mukuti mukuzithandizazo.

Funso lachiwiri la a Kadzioche ndilo lili ndi nyama. Sing'anga wina wa zaka za m'ma 1500, Paracelsus, anaphunzitsa kuti chimene chimasandutsa chinthu poizoni ndi mlingo wake. Ndiye tiyeni tiwerenge milingo. Madzi timamwa malita awiri kapena atatu pa tsiku. Mpweya timapuma malita oposa 10,000. Choyamba kukonza ndi mpweya wa m'nyumba. WHO imati utsi wophikira m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse. Choopsa mu utsi si chimene chimakutsokomoletsani ayi, ndi tizidutswa tosaoneka totchedwa PM2.5, tochepa maulendo pafupifupi 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno siitha kutigwira. Timafika pansi penipeni pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi, n'chifukwa chake utsi umabweretsa sitiroko ndi matenda a mtima, osati chifuwa chokha.

MaiAwiri:
Zomveka, koma si aliyense angakwanitse gasi kapena magetsi. Wophikira nkhuni atani?

MphunzitsiWaSayansi:
Zilipo zosafuna ndalama. Nkhuni zikhale zouma ndithu, chifukwa zaziwisi zimataya moto poumitsa madzi ake, zimayaka mozizira, utsi n'kuchuluka. Ziwazeni zing'onozing'ono ndipo musazipanikize, mpweya uzilowa pansi pa moto. Lawi loyera lopanda utsi wambiri likusonyeza kuti nkhuni zikupsa mokwanira. Vundikirani mphika kuti nthawi yokhala pamoto ichepe. Phikirani panja kapena m'khitchini yosagundana ndi kogona, ndipo ikhale ndi potulukira utsi pamwamba pafupi ndi denga komanso polowera mpweya mbali ina. Zenera limodzi silikwanira, mpweya umafuna polowera ndi potulukira. Khanda lisakhale kumsana nthawi yokoleza moto, pamene utsi umachuluka kwambiri, popeza ana amapuma mofulumira kuposa akulu. Ndipo kuyatsira moto pulasitiki kapena labala kulekeretu. Mapulasitiki ena, makamaka a PVC, akamapsa amatulutsa mapoizoni otchedwa ma dioxin amene amakhazikika m'mafuta a m'thupi kwa zaka.

Wamakaniko:
Ndionjezere za makala, chifukwa ambiri amati makala ndi aukhondo poti sachita utsi. Apo ndi pamene pali imfa. Makala, jenereta ndi injini ya galimoto zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Ukalowa m'magazi umakakamira pamene pamayenera kukwera okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka. Munthu amayesa malungo, n'kukagona m'chipinda chomwecho, osadzukanso. Chizindikiro chachikulu ndi ichi: anthu angapo m'nyumba imodzi kudwala mutu nthawi imodzi, akatuluka panja n'kupezako bwino.

Mbaula isagone m'chipinda ngakhale makala akuoneka ngati azima. Jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa zenera ndi khomo, paipi ya utsi iloze kutali. M'garaja ayi, ngakhale chitseko chili chotsegula. Wokomoka mutulutseni kaye, kenako kuchipatala kuti akamupatse okosijeni. Ndi mpweya wamba, theka la poizoniyu limachoka m'magazi pakatha maola anayi kapena asanu. Ndi okosijeni wa kuchipatala ndi ola limodzi kapena kupitirira pang'ono.

Chimphepo:
Ena amati kuthira mchere pa makala kumachotsa mpweya woipawo.

Wamakaniko:
Bodza limenelo. Mchere sukhudzana ndi kayakidwe ka makala.

Nachisale:
Poti tili pa mpweya, amayi ndi abambo otsuka m'nyumba mveni izi. Bulichi asasakanizidwe ndi china chilichonse kupatula madzi. Bulichi ndi viniga, kapena ndi mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi, zimatulutsa mpweya wa kolorini. Bulichi ndi mankhwala okhala ndi amoniya, monga ena opukutira magalasi, zimatulutsa chloramine. Zonse ziwiri zimaotcha maso ndi mapapo, ndipo zimachitikira m'bafa momwe muli mothina. Ngati zachitika, musawerame kuti mutaye chidebecho. Tulukani, siyani chitseko ndi zenera zotsegula, mubwerere fungo litatha. Bulichi sungunulani ndi madzi ozizira, otentha amafulumizitsa kolorini kuuluka. Mankhwala onunkhiritsa m'nyumba opopera aja sachotsa fungo, amangoliphimba ndi mankhwala ena oti mupumenso.

Wafamasi:
Ine ndikutsutsana pang'ono ndi a Mphunzitsi pa ndondomeko. Utsi umapha pang'onopang'ono, koma chimene chingaononge chiwindi m'masiku atatu chili m'kabati ya mankhwala. Paracetamol wamkulu asapitirire magalamu 4 pa maola 24, kutanthauza mapiritsi 8 a 500 mg, osaposa awiri nthawi imodzi, motalikana maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Wochepa thupi, wosakwana makilogalamu 50, womwa mowa kwambiri kapena wosadya mokwanira, mlingo wake utsike. Chiwindi pophwanya paracetamol chimapanga kachiphe kotchedwa NAPQI, ndipo chimakazimitsa ndi glutathione, chodzitetezera chimene chiwindicho chimasunga. Mapiritsi akachuluka glutathione amatha, kachipheko kayamba kudya chiwindicho.

Pamene anthu amagwera ndi apa: amamwa paracetamol wa mutu, kenako mankhwala a chimfine, kenako ena a msana, osadziwa kuti onse atatu muli paracetamol. Werengani pa paketi mawu ang'onoang'ono aja. Ku America amalemba acetaminophen, ndi chinthu chomwecho. Choipa china n'choti tsiku loyamba munthu amaoneka bwinobwino, mwina nseru chabe. Maso achikasu amabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pamene mankhwala othandiza, acetylcysteine, amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Wamwa ochuluka asadikire zizindikiro.

Ibuprofen ndi diclofenac vuto lawo lili pa impso ndi m'mimba. Amachepetsa magazi opita ku impso, ndiye kumwa pamene mukutsegula m'mimba, mukusanza kapena mwagwira ntchito padzuwa osamwa madzi n'kuzipinga impso. Musamwe mitundu iwiriyi pamodzi, ndipo wa zilonda za m'mimba, wa matenda a impso ndi mayi woyembekezera afunse kaye.

MphunzitsiWaSayansi:
Sititsutsana a Wafamasi. Ine ndimawerenga anthu ochuluka, inu mukuwerenga liwiro. Zonse zikhale pamwamba.

Tsabola:
Nanga makala akumwa aja, activated charcoal? Ngakhale kuchipatala amagwiritsa ntchito.

Wafamasi:
Amagwiritsadi ntchito, koma kwa munthu amene wangomeza poizoni, kawirikawiri ola limodzi lisanathe, poizoniyo akadali m'mimba. Makalawo salowa m'magazi, ndiye sangakoke chilichonse chimene chinalowa kale. Sagwira mowa, ayironi, mtovu, asidi kapena parafini. Chimene amagwira bwino ndi mankhwala anu: ma ARV, mapiritsi olera, a khunyu, a BP. Kumwa makala tsiku ndi tsiku n'kudzichepetsera mlingo wa mankhwala amene akukusungani.

Dzuwa_Lawala:
Pepani ndapatuka, koma khofi ali mbali iti? Ena akuti ndi poizoni, ena akuti ndi mankhwala.

NamwinoWaUsiku:
Vuto la khofi ndi nthawi. Kafeini, chochotsa tulo chimene chili mu khofi, amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'magazi. Mukamwa kapu 4 koloko madzulo, 9 koloko usiku theka likadalipo. Mwina mugona, koma tulo take topepuka, m'mawa mudzuka otopa n'kufunanso khofi wina. Wamkulu wathanzi asapitirire 400 mg pa tsiku, makapu atatu kapena anayi, woyembekezera 200 mg. Zakumwa zopatsa mphamvu zija muwerengere momwemo. Tulo tosakwana maola 7 usiku uliwonse timakweza BP ndi shuga, ndipo timachititsa njala ya zotsekemera.

Chimphepo:
Akutiuza za tulo ndi a NamwinoWaUsiku. Dziko lapita.

NamwinoWaUsiku:
Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Chimphepo. Samalani tulo tanuto.

Mlangizi_Ulimi:
Tibwerere. Palibe watchula chuku, chomwe kwa anthu odya chimanga ndi mtedza ndi nkhani yaikulu. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimapanga aflatoxin, poizoni wodziwika bwino kuti amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngozi imakwera kwambiri kwa amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Anadziwika pambuyo poti nkhukundembo pafupifupi 100,000 zafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza woonongeka. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga chotere. Kuphika, kukazinga kapena kufulula sikumupha. Kupereka zoolazo kwa ng'ombe sikuthandizanso, amatulukira mu mkaka.

Chuku chimalowa pa njere yosweka, yobooledwa ndi tizilombo kapena yonyowa. Choncho musayanike pa dothi, yalani lona kapena mphasa. Musamenye zitsononkho ndi ndodo mpaka njere kusweka. Chimanga chiume kufika chinyezi cha 13 peresenti, mtedza wosenda 7 kapena 8. Poyesa popanda makina, ikani njere zodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume. Musanyowetse mtedza kuti usendeke msanga. Matumba akhale pa thandala, osagunda khoma. Musanagaye, sankhani n'kutaya njere zofota, zosintha mtundu ndi zowawa, chifukwa poizoni wochuluka amakhala mu njere zochepa zoterezi. Kusankha kokhako kumatsitsa mlingo kwambiri.

MaiAwiri:
A Mlangizi, nanga mapiritsi oika m'matumba ophera anankafumbwe aja?

Mlangizi_Ulimi:
Amenewo ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa phosphine, mpweya wapoizoni umene umadutsa m'matumba, pansi pa chitseko ndi pamwamba pa khoma losafika kudenga. Sayenera kugwiritsidwa ntchito m'nyumba yogonamo anthu, ngakhale chipinda china. Palibe mankhwala obweza poizoni wake. Ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, m'nkhokwe yotalikirana ndi nyumba. Pakhomo gwiritsani ntchito matumba osalowa mpweya monga a PICS. Tizilombo timafa tokha okosijeni akatha mkatimo, bola mbewu ikhale youma ndipo thumba lililonse lamkati mulimange palokha.

Za mankhwala opopera m'munda, ambiri amateteza mphuno n'kuiwala khungu, pamene khungu ndilo khomo lalikulu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosungunula, mankhwala akadali okhathamira. Magolovesi akhale a labala, a nsalu amamwa mankhwala n'kuwagwirizira pakhungu tsiku lonse. Buluku likhale kunja kwa jombo kuti zodontha zisalowe m'nsapato. Poperani m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo yamphamvu, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Nozo ikatsekeka musaiuzire ndi pakamwa. Onani ngati sipuleya sikudontha kumsana. Mukamaliza sambani ndi sopo musanadye, zovalazo zichapidwe pazokha. Botolo litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako libooleni kuti wina asasungiremo madzi kapena mafuta. Pa lebulo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, muziwatsata.

Tsabola:
Ndipo mukamaliza mumwe mkaka, umasukulutsa mankhwala.

NamwinoWaUsiku:
Ayi a Tsabola, apa ndiye ndikukanirani kwamtuwagalu. Mkaka susukulutsa kanthu, ndipo mankhwala ambiri ophera tizilombo amasungunuka m'mafuta, choncho mkaka ungathandize kuti alowe msanga. Wamwa mankhwala otere kapena parafini musamusanzitse, masanzi akalowa m'mapapo ndi vuto lina lalikulu. Muvuleni zovala zonyowa, musambitseni ndi sopo, mugoneke chammbali, thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo lake. Amene wamwa mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amadziwika ndi dovu lochuluka, thukuta, misozi, kutsegula m'mimba, kupuma mosokosera ndi kamwana ka diso kochepa ngati nsonga ya singano. Kuchipatala kuli atropine, mankhwala obweza poizoni wamtunduwu, ndipo lebulo ija imathandiza kusankha chithandizo msanga.

Wamakaniko:
Mtovu nawo. Petulo wa mtovu anatha padziko lonse mu 2021, dziko lomaliza linali Algeria, koma mtovu udakali m'mabatire a galimoto ndi a sola, m'penti yakale, mu waya wowotcherera ndi m'miphika ina yosungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakutha. Palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana amayamwa m'matumbo mtovu wochuluka maulendo anayi kapena asanu kuposa wamkulu, ndipo umaononga ubongo mwakachetechete, zotsatira zake zimaonekera m'kalasi. Mwana wosowa ayironi kapena kashiamu amayamwa wochulukirapo. Batire lisaphwanyidwe kapena kusungunulidwa pakhomo. Wogwira ntchito ya mabatire asinthe zovala ndi nsapato asanalowe m'nyumba. Penti yakale musaipale youma kapena kuiwotcha, inyowetseni kaye, ndipo fumbi lake mukolope, osasesa.

Dzuwa_Lawala:
Madzi tikawiritsa ndiye zonse zatha, eti?

MphunzitsiWaSayansi:
Kuwiritsa kumapha tizilombo, mphindi imodzi madzi akubwata ndi yokwanira. Koma zinthu zovulaza zosungunuka m'madzi monga mtovu, arsenic, fluoride ndi nitrate sizichoka, zimakhathamira chifukwa madzi ena auluka. Ku Bangladesh zitsime zokumbidwa kuti anthu apewe matenda otsegula m'mimba zinapezeka ndi arsenic, madzi ake oyera mbee, osanunkha. Njira yodziwira ndi kuyezetsa basi. Malire a WHO ndi 1.5 mg pa lita kwa fluoride ndi 50 mg pa lita kwa nitrate. Nitrate amachokera ku fetereza ndi zimbudzi zoyandikira chitsime, ndipo amaopsa kwambiri makanda omwetsedwa mkaka wosungunula. Kumene mapaipi ndi akale, madzi ogona usiku atayeni kaye mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo ophikira atungidwe ku mpopi wozizira. Mukathira kolorini dikirani mphindi 30 musanamwe. Kumwa malita ambirimbiri nthawi imodzi kuti "mutsuke impso" nakonso n'koopsa, kumasungunula mchere wa m'magazi mpaka ubongo kutupa. Mkodzo wachikasu chotuwa ndiwo muyeso wabwino.

Nachisale:
Pali nkhani imene anthu amachita nayo manyazi, mafuta oyeretsa khungu. Ena muli mercury, ena hydroquinone, ena steroid wamphamvu monga clobetasol, ndipo zambiri sizilembedwa pa botolo. Mercury amalowa pakhungu n'kukaononga impso ndi mitsempha, amafikanso kwa mwana wa m'mimba ndi kwa ena m'nyumba kudzera pa matawulo ndi zofunda. Pangano la Minamata la 2013, lotchedwa dzina la tauni ya ku Japan kumene mercury anadwalitsa anthu ochuluka m'ma 1950, linaletsa zodzola zokhala ndi mercury, koma zikugulitsidwabe. Steroid amapyapyalitsa khungu, amabweretsa mizere ndi ziphuphu, ndipo akalowa m'magazi amakweza shuga ndi BP. Amene wadzola steroid miyezi yambiri thupi lonse asasiye tsiku limodzi. Thupi limakhala litachepetsa kupanga steroid wake wachilengedwe wotchedwa cortisol, ndiye pamafunika kutsitsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala.

Kadzioche_22:
Zikomo nonse, mutu wadzaza. Koma palibe wanena za mapulasitiki osungiramo chakudya, nkhani yomwe otsatsa aja amatiopseza nayo kwambiri.

Wafamasi:
Ili pansi pa mndandanda, koma kuipewa n'kosavuta. Kutentha ndi mafuta ndizo zimakoka mankhwala a m'pulasitiki kulowa m'chakudya. Chotentha muike m'galasi, m'dothi kapena m'chitsulo chosachita dzimbiri, osaphikira kapena kufunditsira m'jumbo, chidebe chokandika mutaye. Basi. Chondidabwitsa n'choti munthu amaopa botolo la pulasitiki ndudu ili pakamwa. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Wosiya fodya, carbon monoxide m'magazi mwake amatsika kufika pabwino pakatha maola 12, ndipo pakatha chaka ngozi yoonjezera ya matenda a mtima imatsika ndi theka. Ndi tiyi uti angachite zimenezo? Kusutira pa zenera sikuteteza ana, utsi umabwerera ndipo umakhazikika m'makatani.

Mowa nawo chiwindi chimausandutsa acetaldehyde, amene amaononga maselo, ndipo chimatha pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola, mwinanso kuchepera. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena kusanza sizifulumizitsa. Ndipo kuthetsa matsire ndi paracetamol wochuluka n'kumenya chiwindi pomwe chavulala kale.

NamwinoWaUsiku:
Mchere ndi shuga ndiziike mwachidule. Mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo wobisika m'buledi, m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'nyama zokonzedwa kufakitale. Pa lebulo akalemba sodium, chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Shuga woonjezera asapitirire magalamu 50, ndipo chitini chimodzi cha 330 ml cha zoziziritsa kukhosi chimakhala ndi pafupifupi 35. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita masabata angapo. BP ndi shuga ndizo zimapha impso za anthu ambiri kuposa poizoni aliyense amene tatchula pano, ndipo zonse ziwiri sizipweteka poyamba. Kayezetseni.

Tsabola:
Chabwino, mkaka ndagonja. Koma mchere wa potaziyamu uja akuti ndi wabwino m'malo mwa wamba, nawonso muukana?

Wafamasi:
Umenewo sindiukana, umathandizadi kutsitsa BP kwa anthu ambiri. Koma wa matenda a impso asaukhudze, chimodzimodzi amene akumwa mankhwala a BP kapena a mtima monga enalapril, lisinopril, losartan kapena spironolactone asanafunse kuchipatala, chifukwa mankhwala amenewa amasunga potaziyamu m'thupi, ndipo akachuluka mtima ukhoza kuima popanda chenjezo. Onaninso pa paketi ngati muli ayodini.

MaiAwiri:
A Mlangizi, matumba a PICS aja angagwirenso ntchito chaka chachiwiri?

Mlangizi_Ulimi:
Inde, ngati amkati awiriwo sanabooke. Likupizeni lidzaze mpweya, mangani kukamwa, likanikizeni ndi manja. Likamaphwa, labooka, ndipo limenelo musalidalirenso posunga mbewu.